Mchere M'batire la Mma Gofaone

Pa ana onse amene anadutsa m'manja mwanga m'zaka makumi atatu ndi zinayi zimene ndinaphunzitsa sayansi, Segolame ndiye ndinamuweruza molakwika, ndipo ndiye yekha amene lero ndingamuvulire chipewa. M'kalasi anali wakumapeto. Pa lipoti lake lomaliza ndinalemba ndi dzanja langali kuti mtsikanayu ndi womvera koma sayansi si yake. Ine sindibweza mawu wambawamba, ndipo amene anandidziwa ndili pa ntchito angachitire umboni. Koma mawu amenewo ndikuwabweza, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Segolame analekeza sukulu ali Fomu 2, nakwatiwa ndi Ditiro, ndipo chibadwire mwana wawo woyamba timamutchula Mma Gofaone, ndiko kuti mayi wa Gofaone. Moraka wawo, kumene amawetera ng'ombe, uli makilomita khumi ndi anayi kuchokera pa wanga, kumadzulo kwa tauni ya Kang, msewu wake mchenga wokhawokha. Kumeneko Ditiro sanamange nyumba. Anagula kalavani yakale kwa anthu opima misewu, ndipo ankaikoka ndi thirakitala ya mkulu wake kulondola msipu. Padenga pake panali magalasi awiri a sola, pansi pa bedi panali batire, ndipo pafupi ndi khomo panali firiji yaing'ono. Firijiyo sinali yoziziritsira zakumwa. Segolame ali ndi matenda a shuga, amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, ndipo timabotolo ta miyezi itatu timene amalandira kuchipatala tiyenera kukhala pozizira, apo ayi mankhwalawo amasanduka madzi achabe.

Ditiro anamwalira mu Juni. Batire lake, limene ndi iye yekha ankalidziwa, linamutsatira pasanathe mwezi. Mkulu wa malemuyo, Onkabetse, munthu wa mtima wabwino koma wa manja othamanga kuposa nzeru, anachotsa batire m'lole yake ina yakufa nakalilumikiza m'kalavani. Linagwira masabata atatu. Kenaka firiji inayamba kuzima dzuwa likangolowa, insulini inawonongeka mwini wake osadziwa, ndipo tsiku lina anthu a moraka woyandikana anamupeza Segolame ali chigonere pafupi ndi khola, milomo itauma gwa. Anagona m'chipatala masiku asanu.

Mwana wake Gofaone, amene ndi namwino ku Lobatse, anabwera atakonza kale chipinda. Ananena kuti ng'ombe zipite m'khola la Onkabetse, mayi ake akakhale naye m'tauni. Segolame anayankha kuti ng'ombe makumi anayi ndi ziwirizo amazidziwa iliyonse ndi dzina lake, ndipo sangakakhale m'chipinda kumadikira kuti mwana aweruke, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Anakangana masiku atatu. Pomaliza Gofaone anaika m'firiji kachipangizo kopima kutentha, kamene kamasunga nambala yapamwamba imene kafikapo. Batani lake lofufutira analimata ndi pulasitala nasainapo. Pangano linali lakuti adzabweranso kumapeto kwa Okutobala, mwezi wotentha kopambana yonse. Nambalayo ikadzapitirira 8, mayi ake adzakwera galimoto tsiku lomwelo, popanda mawu ena.

Sabata yotsatira Segolame anafika kwanga pa ngolo ya abulu, batire la lole lija lili kumbuyo ngati mtembo. Mpando anaukana.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzabwereza Fomu 2," anatero. "Koma mutu umodzi wokha. Mundiuze chapha chinthu ichi."

Ndinamukumbutsa kuti ulendo woyamba sizinayende bwino. Anayankha kuti ulendo woyambawo sayansi inali ya mayeso, ndipo mayeso sanagonekepo munthu pafupi ndi khola.

Ndinatsegula zotsekera zonse zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinamuwonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, batire la lole analipangira kukankha injini kamphindi kochepa, injiniyo n'kulidzazanso pomwepo. Timbale tamtovu ta m'kati mwake ndi topyapyala, ndipo mukamalikama mpaka kuuma tsiku ndi tsiku timanyenyeka. Firiji imafuna batire la mtundu wina, la timbale tochindikala, lopangidwira kupereka mphamvu pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Chachiwiri chinali chikhungwa choyera m'mphepete mwa mabowo. Ndinamufunsa madzi amene ankathiramo. Anati a pamjigo, monga anamuuzira mlamu wake, monganso amachitira aliyense kuno ndi rediyeta ya galimoto. Madzi a mijigo yathu ndi amchere. Ng'ombe zinawazolowera, ifenso tinawazolowera m'tiyi mpaka sitiwamvanso. Batire silizolowera. Limamwa madzi otcheza okha, amene adutsa m'nthunzi nasiya mchere wonse m'mbuyo.

Anabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kwa masabata atatu, ndipo sindinamunyengerere chifukwa cha imvi zake. Kufikira atapeza batire lina, insulini yake ndi kachipangizo ka Gofaone zinkakhala m'firiji ya anthu a moraka woyandikana aja. Ndinamuphunzitsa kuwerenga mita yopima mphamvu ya batire m'mawa dzuwa lisanagunde magalasi, pamene batire limanena zoona: 12.7 ndi lodzaza, 12.2 latsala theka, ndipo kutsika kupitirira pamenepo ndi kudya moyo wa batirelo. Ndinamuuza kuti madzi amathiridwa batire litadzaza mphamvu, kuti asidi sawonjezeredwa, kuti moto sufika pafupi, ndiponso kuti batire lakale ndi latsopano sagolekedwa pamodzi, pakuti lofooka limayamwa lamphamvu mpaka onse awiri agwe. Akalakwitsa ndinkamubwerezetsa. Tsiku lina anandiuza kuti zaka makumi anayi sizinandichotse ukali ngakhale supuni imodzi, ndipo ndinalandira mawuwo ngati chiyamikiro.

Anagulitsa ng'ombe imodzi, ndipo ndinamutengera ku Jwaneng, tauni ya mgodi. M'sitolo ndinaima pambali, pakuti wophunzira sathandizidwa pa mayeso. Bambo wogulitsa anamulozera mabatire otsekeratu, osafuna madzi, nanena kuti amenewo ndiwo oyenera mayi wamkulu amene safuna zovuta.

"Rra, chinthu chimene sindingachitsegule chidzandifera ngati mwamuna wanga," anatero Segolame. "Nayenso sananene kuti m'kati mwake zavuta."

Anasankha a zotsekera. Ananyamula lililonse ndi manja ake kuti amve kulemera kwa mtovu, ndipo anamutulutsitsa bamboyo mabatire asanu ndi awiri kuchokera kuseri kufikira atapeza awiri osindikizidwa kuti anapangidwa mwezi umodzi. Bamboyo, thukuta lili kamukamu, anandifunsa monong'ona ngati mayiwa ankagwira ntchito ku mgodi. Anagulanso chigubu cha malita asanu cha madzi otcheza.

Kumoraka sanawabwezere pansi pa bedi, pamene pankatentha ngati uvuni. Anakhoma bokosi lamatabwa lamabowo, naliika kunsi kwa kalavani, mbali yakummwera kumene mthunzi umakhalitsa. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pa magalasi, nawerenga mita, nalemba nambala pakhoma la kalavani ndi choko chimene ndinamupatsa. Masabata awiri aliwonse ankasuzumira m'mabowo onse khumi ndi awiri, natsuka mitu ya mabatire ndi soda. Onkabetse atayandikira bokosilo ali ndi ndudu pakamwa, anamupirikitsa ndi tsache mpaka kukhola. Loweruka lililonse ndinkapita kukawerenga khomalo. Sindinapezepo cholakwa, ngakhale ndinachifunafuna.

Pakati pa Okutobala ndinapita ku Gaborone kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo ndinakhalako masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Zimene zinachitika m'mbuyo mwanga anandiuza yekha, ndipo nambala za pakhoma zinavomereza mawu ake onse.

Onkabetse anabwera masana ena kudzaona nkhunzi yotsimphina. Galimoto yake inafika ikuwira, pamene Segolame anali kubusa. Anapeza chigubu cha madzi oyera kunsi kwa kalavani, nakhuthulira m'rediyeta. Ndipo popeza ndi munthu amene satenga cha mnzake osabweza, anapita pamjigo, nachidzaza mpaka pakamwa, nachibwezera pamalo pake penipeni. Sanaone chifukwa chonenera. Atatero ananyamuka kuperekeza ng'ombe zake ku Lobatse, kumene amagonera kwa Gofaone.

Patapita masiku awiri linafika tsiku lothira madzi. Segolame anali atathira mabowo anayi a batire loyamba pamene anaona kuti dontho limene linagwera pa chivundikiro chakuda lauma ndi dzuwa, nasiya kamkombero koyera. Madzi otcheza akauma sasiya kanthu. Anadonthezanso lina dala, nadikira, ndipo kamkombero kanatulukanso. Tsiku lotsatira masana, batire likudzazidwa, m'bokosi munatuluka fungo la kolorini. M'mawa wachitatu mita inawerenga 12.1, nambala imene khoma lija linali lisanaionepo.

Anamasula batire lodwalalo kuti lisayamwe linzake. Anatsala ndi limodzi, theka la mphamvu zimene tinawerengera, ndipo lotsalalo nalo linali ndi ludzu: m'mabowo awiri nsonga za timbale zinali pafupi kuonekera. Madzi oyera analibe ngakhale kapu. Ku Kang pa ngolo ya abulu ndi masiku awiri kupita ndi kubwera, ndipo ng'ombe sizingakhale masiku awiri osamwa mu Okutobala. Akanatha kukwera pamulu wamchenga pamene foni imagwira n'kuimbira Onkabetse, koma kuimbira Onkabetse kunali kuimbira Gofaone, amene anali naye pa tebulo limodzi. Kunatsala masiku khumi ndi limodzi kuti Gofaone abwere kudzawerenga nambala.

Anakumbukira azakhali ake ena amene ankatcheza mowa woletsedwa kuseri kwa khola ndi mphika ndi paipi. Paipi analibe, ndipo anakumbukiranso kuti ndinaletsa madzi a batire kukhudza chitsulo. Choncho anachotsa galasi la zenera la kalavani, nalitsuka, nalipendeketsa pa njerwa moyang'anizana ndi mlomo wa ketulo, naphimba pamwamba pake ndi thumba lonyowa kuti lizizizira. Nthunzi inkagunda galasi kunsi, n'kutsetsereka dontholidontholi kulowa m'botolo la jamu. Madzi oyamba anawayesa pa chivundikiro chakuda, anasiya kamkombero, anawataya. Anali atadzaza ketulo kwambiri, ndipo madzi owira ankathovokera kumlomo. Anachepetsa madzi, nachepetsa moto, nayambiranso. Anakhala pamoto kuyambira ng'ombe zitatuluka mpaka zitabwerera, m'dzuwa limene agalu amakumba mchenga kuti agonemo, ndipo anapeza kapu imodzi ndi theka. Dontho lake linauma osasiya kanthu. Anamiza nawo timbale.

Kenaka anayamba kuchotsa chilichonse chodya mphamvu. Anamasula mababu onse atatu. Anazimitsa foni. Anatseka wailesi ya Ditiro, imene chimwalirire mwini wake inali mawu okhawo a munthu amene ankamveka pamalopo, ndipo anandiuza kuti pa zonse ichi ndicho chinamuwawa. Anadzaza firiji ndi mabotolo a madzi kuti azizira masana dzuwa likamapereka mphamvu yochuluka, n'kusunga kuzizirako. Anaifunditsa jasi la malemu, kusiya poyera mbali yokha yotulutsira mpweya wotentha. Ankaitsegula kawiri kokha pa tsiku, dzanja kulowa ndi kutuluka.

Zikanakwanira pakanapanda mphepo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunawuka chimphepo chafumbi chimene chinakhala masiku atatu, dzuwa n'kumaoneka ngati mbale yadzimbiri yoti munthu n'kuiyang'ana osaphethira. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anakwera padenga, namasula magalasi a sola, nawatsitsa ndi chingwe, nawatsamiritsa pa migolo kuti aziwatembenuza kulondola dzuwalo. Ankawapukuta kanayi pa tsiku. Pakhoma analemba 12.3, kenaka 12.2. M'mbandakucha wa tsiku lachitatu la fumbilo mita inali pa 12.2 kusanache n'komwe, ndipo inali kutsika.

Apa sindinamuphunzitse kanthu, chifukwa sindinaganizepo kuti zingafike apa. Kusiya firiji ikuyaka kunali kupha batire lokhalo limene linatsala, ndipo likanafa, zonse zikanatha mawa lake. Kuizimitsa kunali kupereka nambala ya Gofaone m'manja mwa mabotolo a madzi. Anaganiza kuti nthawi imeneyo ndiyo yozizira kopambana pa tsiku lonse, ndipo mabotolo anali atazizira mokwana. Anamasula waya wa firiji, nakhala pa sitepe ya kalavani, wotchi ya Ditiro ili m'manja, mpaka kuwala kutafika pa magalasi. Panapita maola awiri ndi theka. Atatsegula kuti atenge jekeseni wa m'mawa, anapeza nambala yapamwamba yakwera kuchoka pa 5 kufika pa 7. Tsiku limenelo mphepo inaleka.

Gofaone ndinamutenga ine ku Kang tsiku lomaliza la mwezi, pakuti kagalimoto kake sikayenda mumchenga, ndipo Onkabetse anakwera kumbuyo. Titafika tinapeza zenera limodzi la kalavani lotsekedwa ndi katoni, magalasi a sola ali pa migolo, ndipo Segolame atakhala pafupi ndi ketulo, mabotolo atatu a jamu odzaza ali pambali pake. Anali atachepa thupi ndi kuda ndi utsi. Onkabetse anafunsa moseka ngati mlamu wake wayamba malonda a azakhali aja, ndipo ngati alipo olawitsa.

Gofaone sanapereke ngakhale moni wokwanira. Analowa m'kalavani, nachotsa jasi la bambo ake pa firiji, natulutsa kachipangizo kaja. Anayang'ana pulasitala ndi siginecha yake, nakatembenuza, nawerenga. Anaunika kabotolo ka insulini kudzuwa. Kenaka anagwada kusuzumira m'bokosi, naona batire limodzi lili pambali, mawaya ake atamasulidwa.

"Mma, ili latani?"

Segolame anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa dontho lija, osakweza mawu ndiponso osamuyang'ana Onkabetse. Koma nkhani itafika pa chigubu, Onkabetse anavula chipewa yekha. Anayamba kunena kuti iye ankaona ngati madzi ndi madzi, ndiponso kuti anachidzaza mpaka pakamwa.

"Ndicho chimene chinandipha, mlamu," anatero Segolame. "Mukanangoba n'kuthawa ngati anthu ena, ndikanapeza chigubu chopanda kanthu, ndikanadziwa. Vuto lanu ndi ulemu."

Onkabetse anaseka pang'ono, kenaka anapita kukaona nkhunzi ija, imene inali itachira kalekale.

Gofaone anakalipa nthawi yaitali. Ananena za denga, za moto, za foni yozima masiku khumi ndi limodzi, nafunsa chimene chikanachitika mayi ake akanagwa ndi galasi m'manja. Segolame anamusiya mpaka atatopa, kenaka anamufunsa nambala imene wawerenga.

"7."

"Nanga tinapangana nambala yanji?"

Gofaone anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anafufuta nambalayo, natulutsa pulasitala wina m'chikwama, namata, nasainanso. Anati adzabwera pa Khirisimasi, ndipo foni ikadzazimanso ngakhale tsiku limodzi adzabwera ndi apolisi. Mayi ake anati apolisiwo abwere ndi madzi otcheza.

Pamenepo ndinalankhula ine. Kwanga ndili ndi mabatire awiri a mtundu womwewo, a zaka ziwiri, osamalidwa monga mmene ine ndimasamalira zinthu, ndipo ntchito yawo ndi nyali ndi wailesi ya kanema basi. Ndinanena pamaso pa onse kuti ndipita pompano kukatenga limodzi, ndilumikize dzuwa lisanalowe, ndipo kuyambira tsopano za madzi ndi mawaya ndiziona ine Loweruka lililonse, iye azingoweta ng'ombe zake. Sindinanene mwamwambo chabe. Makiyi a galimoto anali kale m'manja mwanga. Gofaone anandigwira dzanja nati, Mma, vomerani.

Segolame anakankhira chikuni pansi pa ketulo, naimirira, napukuta manja pa epuloni.

"Zikomo, Aphunzitsi, koma ayi. Lanulo ndi la zaka ziwiri, langali ndi la miyezi iwiri. Munandibwerezera katatu kuti otere sagolekedwa pamodzi. Kapena mutuwo munausintha?"

Ndinayankha kuti kwa masabata ochepa sizingawononge kanthu, ndipo zinali zoona. Anapukusa mutu. Anati Lolemba kukubwera lole ya ng'ombe, akweza ng'ombe ina yaulesi imene wakhala akuiyang'ana, ndipo akasankha awiri atsopano a mwezi umodzi. Lopulumukali lidzapuma pa ntchito ya firiji, lizikayatsa mababu ndi wailesi ya Ditiro. Onkabetse adzamwetsa ng'ombe tsiku limenelo, popeza pamjigo amapadziwa bwino.

"Ndipo batire lanu likalowa m'bokosimu," anapitiriza, "mwana uyu akadzawerenga nambala pa Khirisimasi adzati ndi nambala ya Aphunzitsi. Tsiku limene diso lanu lina lidzafune dokotala, adzabwera kudzanditenga."

Ndinabweza makiyi m'thumba. Ndinangopempha kuti mwina ndinyamule batire lakufalo, ndikamutayire ku Kang, pakuti ndi lolemera, ndipo ndinali nditawerama kale kuti ndiligwire.

"Lisiyeni pomwepo, Rra," anatero, akukoka wilibala. "Mchere ndinathiramo ndine. Ndilinyamula ndekha."